Kodi Dzina Lenileni la Msuku Ndi Liti?

Munthu wofuna kudziŵa maina a mitengo ndi zitsamba za dziko lino sayenda mtunda wautali asanakumane ndi mabuku aŵiri. Loyamba ndi la mai Jessie Williamson, limene lidasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1955 pa mutu wakuti Useful Plants of Nyasaland, ndipo Yunivesite ya Malaŵi idalitulutsanso mu 1975, litakonzedwa ndi kuonjezedwa, nkulitcha Useful Plants of Malawi. Lachiŵiri ndi Dictionary of Plant Names in Malawi, la mu 1972, lolembedwa ndi mai Blodwen Binns amene ankaphunzitsa za zomera ku Chancellor College. Mabukuŵa ndi okalamba tsopano, koma sadapume pa ntchito. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, ophunzira a m'makoleji, ndiponso ofufuza za mankhwala a zitsamba akutungabe pa zitsime ziŵirizi. Tsono chitsime chimene mudzi wonse ukumwapo nchoyenera kuchisuzumira nthaŵi ndi nthaŵi, kuti tione chimene chili pansi pake.

Tiyambe ndi kuthokoza, pakuti ngongole yathu kwa amai aŵiriŵa ndi yaikulu. Mai Williamson adagwira ntchito m'gulu lofufuza za kadyedwe ka anthu limene lidayamba mu 1938, ndipo buku lao limanunkhira utsi wa pamafuwa. Satiuza dzina lokha ai. Amatiuza kuti ndiwo zakutizakuti amaziphika ndi chidulo, zakuti amazitendera, zakuti amazifutsa kuti zidzathandize m'chilimwe. Zoterezi sazidziŵa munthu amene sadakhalepo pansi nkumamvera amai akuphika. Mai Binns nawo adagwira ntchito yotopetsa yosonkhanitsa maina a m'zinenero zathu zosiyanasiyana ndi kuŵaika moyang'anizana ndi maina a sayansi. Pakadapanda iwo, maina ambiri akadapita kumanda pamodzi ndi eniake.

Komabe mabuku a mtundu umenewu, pamodzi ndi sukulu imene idaŵagwiritsa ntchito, adatisiyira chizoloŵezi china chimene sitikondwa nacho. M'buku la mai Williamson dzina la Chilatini ndilo limatsogola, ndipo maina athu amabwera pambuyo ngati ana otsata amai ao ku chigayo. Kusanja kotere kuli ndi zifukwa zake, ndipo tizinena. Koma woŵerenga wosachenjera amatolapo phunziro limene olembawo sadafune kuphunzitsa, lakuti dzina la Chilatini ndilo lenileni, ndipo lathuli ndi la pamasanje. Funsani mnyamata amene wangomaliza maphunziro a zankhalango za mtengo umene wakhala akudya zipatso zake chibadwire. Adzakuyankhani kuti kumudzi amati msuku, koma dzina lake lenileni ndi Uapaca kirkiana.

Tiyeni tilimasule dzina lenilenilo, ife amene Chilatini tidachilaŵako m'seminale. Dzina lililonse la sayansi lili ndi mau aŵiri. Oyamba ali ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, umene mitundu ingapo yapachibale imagaŵana. Achiŵiri ndi dzina la mtundu umodziwo. Mau akuti Uapaca si Chilatini konse: adachokera ku dzina limene anthu a ku Madagascar amatchula mitengo ya mfunda umenewu. Mau akuti kirkiana akulemekeza John Kirk, dotolo wa ku Scotland amene adayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa m'Zambezi ndi m'Shire kuyambira 1858, natola zomera zambiri. Choncho dzina limene tikuliyesa lenileni ndi dzina la kumudzi la anthu ena, lolumikizidwa ndi dzina la mlendo, ziŵirizo nkuziveka mkanjo wa Chilatini. Mlambe ndi Adansonia digitata: Michel Adanson anali Mfalansa amene adauona ku Senegal, ndipo digitata ndi kunena kuti masamba ake ali ngati zala. Mkungudza wa pa Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndi Widdringtonia whytei, ndiye kuti wasenza Azungu aŵiri: Samuel Widdrington, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, ndi Alexander Whyte, amene adakwera phirilo mu 1891. Bwemba ndiye wotiseketsa. Dzina lake, Tamarindus indica, likutchula India kaŵiri, poti mau oyambawo adachokera ku Chiarabu ndipo atanthauza chipatso cha kanjedza cha ku India, pamene akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kwao kwa mtengowu ndi kuno ku Africa.

Sitikunena izi kuti tinyoze sayansi. Tikufuna kuti tione pamene pagona mphamvu yake, chifukwa siidagone m'Chilatini. Carl Linnaeus, wa ku Sweden, atatulutsa buku lake Species Plantarum mu 1753, m'mene adapatsa maina a mau aŵiriaŵiri kwa zomera pafupifupi 6,000, adalemba m'Chilatini poti ndicho chinenero chimene ophunzira a ku Ulaya ankamvana nacho masiku amenewo. Lamulo lakuti chomera chatsopano chifotokozedwe m'Chilatini lidagwira ntchito kuyambira 1935, koma kuyambira pa 1 Januwale 2012 Chingerezi nacho chimaloledwa, ndipo sayansi siidagwe. Mphamvu yeniyeni ili pa chinthu chooneka chonyozeka: kanthambi kouma, ka masamba ndi maluŵa, komatidwa pa pepala ndi kusungidwa m'nyumba yosungiramo zomera zouma, monga ija ya ku Kew ku London. Dzina lililonse limamangiriridwa ku kanthambi kamodzi kotere, ndipo pa pepalapo pamalembedwa amene adakatola, kumene adakatola, ndi nthaŵi yake. Kanthambiko ndi mboni ya dzinalo. Akatswiri aŵiri akatsutsana, wina wa ku Japan wina wa ku Brazil, sakangana mpaka kulira kwa tambala ai. Amapita kwa mboniyo nkukaifunsa. Ichi ndicho chifukwa chomveka chimene mai Williamson adatsogozera dzina la sayansi, ndipo pa mfundo imeneyi sitiŵatsutsa.

Koma ngakhale mboni ilipo, dzinalo silikhala chikhalire monga ambiri aganizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsangu, mtengo wodabwitsa uja umene umayoyola masamba m'dzinja nkuphukira m'chilimwe, kotero kuti chimanga chimakondwa pansi pake, m'mabuku akale ndi Acacia albida. Lero ndi Faidherbia albida, kutengera Louis Faidherbe, msilikali amene adalamulira Senegal m'dzina la France. Luni anali Gynandropsis gynandra, tsopano ambiri amalemba Cleome gynandra. Kusintha kotere kumachitika akatswiri akapeza kuti chibale cha zomera sichili monga ankaganizira, ndipo nkoyenera ndithu. Koma kusintha kwina kumadza ndi mavoti. Zitadziŵika kuti mfunda waukulu wa Acacia uyenera kugaŵidwa, padabuka funso lakuti dzinalo litsale ndi yani. Mboni yake yoyamba inali mtengo wa mu Africa, ndipo liwulo Agriki akale ankatchulira mtengo waminga wa ku Ejipito. Komabe msonkhano wa akatswiri a zomera wa ku Vienna mu 2005 udalipereka kwa mitengo ya ku Australia, imene mitundu yake ili pafupifupi 1,000, ndipo msonkhano wa ku Melbourne mu 2011 udatsimikiza. Mitengo yathu yaminga idasanduka Vachellia ndi Senegalia. Mthethe tsopano ndi Senegalia polyacantha. Ku Madrid mu Julaye 2024 adavotanso, ulendo uno kuti achotse m'maina oposa 200 liwu lakuti caffra ndi abale ake, lochokera ku mau achipongwe otukwanira anthu akuda, nkuikapo afra. Mpinjipinji ndi mfula zidakhudzidwa, ndipo tikuyamika. Koma taonani kuti pa zaka zonsezi nsangu wakhala nsangu, mthethe wakhala mthethe. Pa maina aŵiriwo, limene lakhazikika ndi lija tidaliyesa la pamasanje.

Nanga maina athu amagwira ntchito yanji? Apa ndi pamene mabuku onse aŵiri atisiya panjira. Dzina la sayansi limayankha funso lakuti chomerachi nchachibale ndi chiti. Dzina lathu kaŵirikaŵiri limayankha funso lina: chomerachi tichite nacho chiyani? Tengani therere. Munthu wofuna kuti liwu limodzi la Chicheŵa likwatiwe ndi liwu limodzi la Chilatini adzasokonezeka, pakuti therere lobala ndi Abelmoschus esculentus, denje ndi wa mfunda wa Corchorus, chewe ndi wachibale wa chitowe, ndipo zonsezi pa mbale ndi therere. Kwa katswiri wa zomera umenewu ndi msokonezo; kwa mai wophika palibe chosokoneza, poti chimene chazisonkhanitsa ndi kutelereka kwake ndi kaphikidwe kake. Bonongwe naye ndi mitundu ingapo ya Amaranthus. Brian Morris, m'buku lake Chewa Medical Botany la mu 1996 ndi m'zolemba zake zina, adayesetsa kumvetsa kagaŵidwe kathu kameneka m'malo mokaweruza, ndipo adaona, mwa zina, kuti kwa ife bowa ndi wodyedwa yekhayo, pamene wosadyedwa amagwera m'gulu la zirombo. Ameneyu adapita patsogolo kuposa anzake aja. Tsoka lake, nayenso adalembera oŵerenga Chingerezi.

Chitsanzo chimene chimatigwira mtima kwambiri ndi chinangwa. Dzina la sayansi ndi limodzi, Manihot esculenta, ndipo esculenta ndi kunena kuti chodyedwa. Koma mai wa ku Nkhata Bay akadakhulupirira dzina limeneli lokha akadaika ana ake m'manda. Iye amadziŵa kuti mbundumali, amene kwina amati manyokola, mungathe kumutafuna wamuŵisi, koma gomani ndi woŵaŵa, woyenera kumuviika m'madzi masiku angapo asanamuyanike ndi kumusinja kuti akhale ufa wa kondoole. Ofufuza amene adagwira ntchito m'boma limenelo, mmodzi mwa iwo Linley Chiwona-Karltun, adaonetsa m'zolemba za mu 2003 ndi 2004 kuti kugaŵa kwa alimi pakati pa chinangwa choŵaŵa ndi chozizira kumagwirizana ndi kuchuluka kwa poizoni m'mizu yake. Sayansi idafika mochedwa pamalo pamene maina a amai adafika kale.

Tisadzinyenge, komabe, nkumaganiza kuti maina athu alibe chilema. Dzina limodzi limatha kutchula mtengo wina ku Dedza, wina ku Nsanje. Mtengo umodzi umatha kukhala ndi maina anai m'boma limodzi. Umene ena amati chitimbe ena amati msekese. Pa nkhani ya ndiwo kusiyana kotere kungangotichititsa manyazi pa msika, koma pa nkhani ya mankhwala kungathe kupha. Nimu, Azadirachta indica, ndi indiya, Melia azedarach, ndi mitengo yapachibale yochokera ku Asia, yofananako masamba, ndipo anthu ambiri amaisokoneza. Koma zipatso za indiya zili ndi poizoni. Masiku ano, pamene uphungu wa zitsamba ukuyenda pa wailesi ndi pa mafoni kuchokera ku chinenero china kupita ku china, munthu amamva dzina lopanda mtengo nkupita kukathyola chimene iye amachidziŵa ndi dzinalo. Safunsa adadya phula. Pamenepa dzina la sayansi ndi mlatho wofunika, ndipo wolikana chifukwa chonyadira chinenero chake akuseŵera ndi moyo wa anzake.

Nkosangalatsa kuona kuti zinenero zakhala zikubwerekana maina chiyambire, mosafunsa chilolezo kwa akatswiri. Liwu lakuti chimanga likuloza ku Manga, dzina limene anthu a ku gombe la kum'maŵa ankatchulira dziko la Aluya. Aswahili amati mahindi, kuloza ku India. Ataliyana amati granturco, tirigu wa ku Turkey. Onseŵa adaphonya, poti mbeuyi kwao ndi ku Mexico, koma dzina lililonse lasunga mbiri ya njira imene anthu ankaganiza kuti idadzera. Mbatata tidalandira kwa Apwitikizi. Bulugama ndi Chingerezi chopindidwa lilime. Ndipo malaina, mtengo umene wadzaza m'mphepete mwa miseu ndi m'mabwalo a sukulu, ndi dzina la sayansi lenilenilo, Gmelina arborea, lolemekeza Johann Gmelin, Mjeremani amene adafufuza zomera za ku Siberia. Agogo amene sadapondeko m'kalasi amalitchula tsiku ndi tsiku. Omasulira Malembo Oyera adakumana ndi vuto lomweli. Pa mtengo umene Zakeyo adakwera adachita mwai, poti Ficus sycomorus wa ku Yeriko ndi mkuyu wathu womwewu. Koma udzu umene mdani adafesa m'munda wa tirigu, umene akatswiri ambiri amati ndi Lolium temulentum, wofanana ndi tirigu mpaka pa nthaŵi yomasula, adautcha namsongole, udzu wina ndithu. Adasankha dzina potsata ntchito, monga Mcheŵa aliyense akadachitira: adafuna udzu umene mlimi akangoumva dzina msana umamuŵaŵa.

Kubwereka kudachitikanso kuchokera kwa ife kupita ku sayansi, ngakhale mwa kamodzikamodzi. Tsanya ndi Colophospermum mopane, ndipo mopane ndi dzina la Chitswana. Koma chitsanzo chathuchathu ndi kombe, chomera choyanga chimene Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka pa mivi yao. John Kirk yemwe uja adachitola, ndipo mu 1871 Daniel Oliver wa ku Kew adachitcha Strophanthus kombe. Ku Edinburgh, Thomas Fraser adafufuza nthanga zake napezamo mankhwala a mtima, ndipo kwa zaka zambiri nthanga za kombe zinali m'gulu la katundu wotumizidwa kunja kuchokera m'dziko muno. Dzina la Kirk tikulidziŵa, la Oliver ndi la Fraser tikuŵadziŵa. Alenje amene ankadziŵa chomeracho, gawo lake lamphamvu ndi kakonzedwe kake, adatsala ndi liwu limodzi lokha kumapeto kwa dzina.

Apa tafika pa chodandaula chathu chachikulu ndi mabuku aŵiri aja. Olemba ake ankadziŵa bwino lomwe kuti dzina lopanda mboni silidalirika, ndipo kumbali ya Chilatini lamulo limeneli amalisunga. Koma kumbali ya maina athu lamulolo lidafooka. Timauzidwa chinenero, mwina ndi dera, koma sitiuzidwa kuti adatchula dzinalo ndani, m'mudzi uti, akuloza mtengo uti, ndiponso kuti dzinalo litanthauzanji. Tsono pamene wotola zomera sadamve bwino, kapena pamene womuperekeza adatchula dzina longoganizira kuti mlendo asakhumudwe (ndipo ulemu wathu wotere tikuudziŵa tonse), woŵerenga wa lero alibe njira yozindikirira. Dzina lolakwika likangoloŵa m'buku losindikizidwa limabereka ana: wina amalikopera m'lipoti, wina m'kabuku ka alimi, ndipo pakapita zaka limaoneka ngati choona chifukwa lalembedwa m'malo ambiri. Kusalemba tanthauzo nako ndi kutaya chuma. Munthu wongoona kuti kaufiti ndi Striga asiatica sadziŵa kuti m'dzinalo muli chithunzi chonse cha kachomera kamene kamayamwa chimanga mobisa pansi pa nthaka, chimanga nkumafota mlimi asanaone chochifotetsa. Ndipo mabuku onseŵa ali m'Chingerezi, kotero kuti amai amene adapereka nzeruzo, ndi zidzukulu zao zambiri, sangathe kuŵerenga nkunena kuti apa mwalakwa.

Mboni ya dzina la sayansi ndi kanthambi kouma kamene kangakhale m'kabati zaka 200. Mboni ya dzina lathu ndi ziŵiri, nkhalamba yodziŵa ndi mtengo woti nkhalambayo iloze, ndipo zonse ziŵiri zikutha. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mikungudza yaikulu 7 yokha pa phiri lonse la Mulanje. Mibaŵa ndi milombwa yasanduka matabwa, mitsamba ndi miombo yasanduka makala. Mwana wobadwira ku Ndirande kapena ku Kawale amamva Chitedze, Kachere ndi Mikuyu ngati maina a malo chabe, osadziŵa kuti loyambalo ndi chomera choyabwa ndipo enawo ndi mitengo. Nanga wobadwira ku Johannesburg kapena ku Leeds?

Buku limene tikulisoŵa si lovuta kulilongosola. Likhale m'Chicheŵa, ndipo ena achite chimodzimodzi m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde. Dzina lathu litsogole, la sayansi litsate, pamodzi ndi maina ake akale kuti woŵerenga mabuku a mu 1975 asasokere. Pa dzina lililonse palembedwe mudzi ndi boma kumene lidamveka, tanthauzo lake ngati lilipo, ndi nambala ya kanthambi kamene kadathyoledwa pa mtengo womwewo umene wotchulayo adaloza. Malo osungira tinthambi timeneti alipo kale ku Zomba, ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Pamene dzina limodzi likutchula zomera zitatu, bukulo lisasankhe chimodzi nkutaya ziŵiri pofuna kuti mzere uwongoke. Lilembe zonse zitatu, linene kwao kwa chilichonse, ndipo lichenjeze ngati chimodzi mwa izo chili choopsa. Pa therere padzafunika tsamba lathunthu, ndipo pa chinangwa masamba angapo. Ntchito yotola maina yokhayo singadikire ndalama za kunja: aphunzitsi a sayansi m'masukulu a sekondale a kumidzi angathe kutuma ophunzira ao pa tchuthi, aliyense ndi kope, nyuzipepala zakale zoumitsiramo masamba, ndi agogo mmodzi woti ayende naye kudambo ndi kuphiri.